Mayi Tsache ndi Munda Wosasesa

Ofesi ya zaulimi inalengeza, kudzera m'chikalata chokhomedwa pa bolodi la m'khonde, kuti kuyambira mwezi umenewo masamba ogwa m'mitengo sadzatchedwanso zinyalala. Chikalatacho chinali ndi chidindo, ndipo pansi pa chidindocho panali siginecha ya abwana aakulu, yokhotakhota bwino monga imafunikira siginecha ya munthu wophunzira. Masamba eni ake sanafunsidwe maganizo, ndipo anapitiriza kugwa monga mwa masiku onse. M'munsi mwa chikalatacho munali malonjezo. Aliyense wotsata ulimi watsopano wotchedwa pemakacha, umene ndi ulimi wotsanzira mmene nkhalango imadzisamalira yokha, sadzagulanso feteleza, sadzaonanso njala, ndipo m'munda mwake simudzatuluka dontho la madzi ngakhale dothi lodzaza supuni.

Woyamba kuwerenga nkhaniyi anali mayi Tsache, poti ndi iwo amene ankapukuta galasi la bolodilo m'mawa uliwonse mabwana asanafike. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anacheuka n'kuyang'ana mulu wa masamba umene anali atangosesa pabwalo, osadziwa ngati lamulo likufuna kuti aubweze pomwe anautenga.

Dzina lakuti Tsache silinali la makolo. Analipeza pantchito. Analowa m'nyumba ya maofesi a boma ali mtsikana wokwera masitepe mothamanga, n'kudzatulukamo ali ndi imvi ndi bondo lomwe linkayamba kulira lisanaone n'komwe masitepewo. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi kalaliki wa malipiro yekha. Mabwana ankabwera n'kumapita: ena ankasamutsidwa, ena ankamangidwa, ena ankakwezedwa atatsala pang'ono kumangidwa. Mayi Tsache ankasesa pansi pa madesiki awo onse mosakondera. Ankadziwa amene amavula nsapato akangokhala pampando, amene amabisa makoko a mtedza kuseri kwa kabati, ndi amene mafayilo ake ankakhala pamalo amodzi mpaka kusiya chithunzi chawo pa simenti.

Gawo lawo lalikulu linali khonde lalitali la m'mwamba. Kudzanja lamanja kunali ofesi ya zaulimi. Kumanzere, khomo kuyang'anizana ndi khomo, kunali ofesi ya malo. Maofesi awiriwa anali ndi ketulo imodzi, ndipo woidutsitsa khondelo m'mawa ndi masana anali mayi Tsache. Chifukwa cha ketulo imeneyo, iwo anakalamba akukhulupirira kuti boma ndi munthu mmodzi, kungoti ali ndi zitseko zambiri. Anthu omwera m'ketulo imodzi sangalephere kumvana. Zikalata za mbali zonse ziwiri ankazilemekeza mofanana, ndipo moyo wawo wonse sanatsutsepo pepala lokhala ndi chidindo.

Amuna awo, amene anali dalaivala wa lole yonyamula mchenga, anamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana wamkazi, wailesi, ndi mng'ono wa malemuwo, telala. Wailesi inafa. Mwana anakula n'kupita ku tauni ina, kumene amagulitsa mu shopu ya mafoni ndi kugona m'chipinda cha lendi chimene ukatsegula chitseko chimagunda bedi. Telala ndiye sanapite kulikonse.

Tsiku limene anapuma pantchito anawapatsa ambulera, ndipo abwana ena anayankhula mawu okhudza mtima atayang'ana mayi wolakwika. Koma ofesi ya malo inachita zenizeni: inawapatsa puloti kumapeto kwa tauni, kumene phula limatha n'kusiyira fumbi udindo wonse. Anali malo otsetsereka, ofiira, ong'aluka ngati chidendene cha munthu woyenda pansi. Lamulo linali limodzi, ndipo anawawerengera mokweza: malowo azigwiritsidwa ntchito; akadzapezeka ali tchire, boma lidzawatenga n'kupatsa wina. Mayi Tsache anamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kumtunda, pafupi ndi msewu. Kumunsi konse, kuchokera kuseri kwa bafa mpaka kumalire, ankakutchula kuti "kwa mwana". Kumeneko ndi kumene mwana wawo adzamange tsiku lina, n'kukhala ndi chitseko chotseguka mpaka kumapeto. Telala naye, atamva kuti mlamu wake wapeza malo, anangopezeka wachita lendi nyumba yoyandikana nawo cha kumunsi, makina ake osokera ali kale pakhonde.

Tchire ndiye sankalipatsa mpata. Pulotiyo ankaisesa kuyambira kumsewu mpaka kumalire, mpaka pansi pankawala, moti ukaponda unkachita manyazi. Udzu ukangosuzumira, khasu. Tsamba likathothoka mu mtengo wa mango linkapeza tsache likudikira. Mvula ikabwera inkapeza njira yolambula kale, n'kumatsetsereka mosangalala, ili yofiira, itanyamula dothi ulendo wa kwa telala. Mizu ya mango inayamba kuonekera ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba. Chimanga chinkafika m'mawondo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kusintha maganizo.

Nthawi yonseyi chikalata cha masamba chija chinali chikadali pa bolodi, chikudikira thandizo lochokera kunja. Thandizolo litafika, ofesi ya zaulimi inafuna mlimi wachitsanzo. Mlimi wachitsanzo amayenera kukhala womvera, komanso wokhala pamalo poti galimoto ifike osadetsa matayala. Wina anakumbukira mayi wa ketulo uja.

Anatuma mlangizi, mtsikana wongomaliza kumene sukulu, wa njinga yamoto ndi chisoti chachikulu kuposa mutu wake. Anali munthu wokhulupirira zimene anaphunzira, matenda oopsa kwa wantchito wa boma. Anayenda puloti yonse, anatapa dothi n'kulinunkhiza, kenako anapukusa mutu.

"Amayi, chinthu choyamba, musachite chilichonse."

"Chilichonse, alangizi?"

"Chilichonse. Mvula ikamagwa muzituluka, muziona kumene madzi akuchokera ndi kumene akuthamangira. Dzuwa likamawala muziona kumene mthunzi ukugona. Mphepo nayo muziitchera khutu. Dzinja lonseli ntchito yanu ndi kuyang'ana basi. Munda umayamba ndi maso, khasu limabwera pambuyo."

"Nanga kusesa?"

"Kusesako ndiye musayerekeze."

"Ngakhale pakhomo pokha, mwanangu? Pongodutsa alendo?"

"Amayi, nthaka ili ngati munthu. Inu mwakhala mukuivula malaya tsiku ndi tsiku, n'kumadabwa kuti ikudwala."

Mayi Tsache anayang'ana njinga yamotoyo. Inali ndi nambala ya boma. Anavomera.

Palibe nyengo imene inawavuta ngati imeneyo. Ankadzuka m'mawa n'kupeza tsache lili kale m'manja, osadziwa kuti alitola nthawi yanji. Mapeto ake analisomeka kudenga, poti sangafikire popanda mpando. M'nyumba ankakolopa mpaka simenti inayamba kudandaula. Kunja masamba ankagwa n'kugona pomwepo, akuwayang'ana m'maso. Amayi odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro, n'kumanong'onezana kuti ukalamba ndi umasiye zikakumana, choyamba kufa ndi ukhondo. Wina wachifundo anabwera ndi tsache lake, kudzafunsa ngati angawathandize mpaka atapeza bwino.

Mvula ikayamba, mayi Tsache ankatuluka ndi ambulera ya ku ofesi ija n'kukaima pakati pa puloti. Telala ankaimitsa makina.

"Alamu! Mwataya chiyani?"

"Ndili pantchito."

"Ntchito yoima pamvula? Akulembani kukhala pholo la magetsi?"

"Ndikuona madzi."

"Ndiye akuti bwanji madziwo?"

"Akuti akubwera kwanu."

"Auzeni ndachokapo."

Dzinja litatha mlangizi anabweranso kudzajambula munda. Pepala anali nalo, koma poona kuti mayi Tsache akuligwira ndi manja awiri ngati samani ya kukhoti, anapempha phulusa n'kumajambula pansi penipeni. Anamanga mitengo itatu, iwiri yotangadza ngati miyendo ndi umodzi wopingasa, pakati n'kulendewetsa chingwe chomangirira mwala. Mwalawo ukaima pakatikati, ndiye kuti miyendo yonse yaponda pofanana, ndipo pamenepo ankakhomapo chikhomo. Anayenda nacho chidacho mopingasa chitunda, ndipo zikhomo zinatulutsa mzere wokhotakhota ngati njoka yokhuta.

"Tikumba ngalande motsata zikhomozi," anatero mlangizi. "Madzi akafika apa aziima, azilowa pansi."

"Mzere wokhota chonchi? Anthu ati ndinalima nditamwa."

"Madzi sanapite kusukulu, amayi. Mzere wowongoka saudziwa."

Kenako anagawa malo. Pafupi ndi khomo, zinthu zimene munthu angathamangire mafuta ali kale pamoto: anyezi, tsabola, tomato, ndiwo zamasamba. Kuseri kwa bafa, dzenje lalikulu lolandira madzi osamba ndi otsukira mbale, nthochi zitalizungulira. M'mphepete mwa ngalande iliyonse nandolo ndi mapapaya, pansi pake mbatata ndi maungu zoyanga kuti dothi lisaone dzuwa. Kumunsi kwenikweni, kwa mwana kuja, mitengo yosafuna kuchezeredwa tsiku ndi tsiku: mapeyala, magwafa, nthochi zina, ndi mitengo ya masamba obwezera chonde m'nthaka. Zonse zosakanikirana, popanda mzere, popanda ulemu.

"Sizikangana zimenezi?"

"Zili ngati anthu a mu minibasi, amayi. Zikapanikizana zimayamba kudziwana. Wamtali amatchingira wamfupi dzuwa."

"Nanga mwana akadzafuna kumanga?"

"Adzamanga pamthunzi, zipatso zikugwera pakhonde."

Mawu amenewo ndi amene anawagwira mtima.

Masamba a mtengo umodzi sakanakwana kuphimba puloti yonse. Choncho mayi Tsache anayamba kupita ku maofesi kuja ndi matumba, kukapempha masamba kwa wosesa watsopano. Anali masamba a mitengo yomweyo imene analimbana nayo kuyambira utsikana wawo. Tsopano ankawasenza pamutu n'kukwera nawo minibasi, kondakitala akufunsa mokweza ngati kwawo kwasowa zinyalala.

Chomvetsa chisoni pa nkhani yonseyi n'chakuti zinatheka. Zikanalephera, bwenzi aliyense atapeza mtendere. Pofika dzinja lachitatu, madzi ankafika pa ngalande n'kukhala pansi ngati mlendo wolandiridwa bwino. Ukafukula masamba unkapeza dothi lakuda, lozizira, lonunkhira, lakuya ngati chikhatho, nyongolotsi zikuyendamo ngati kwawo. Abakha amene anayamba kuweta ankatola nkhono. Mikoko ya nthochi inkafunika kuchirikizidwa ndi mphanda. Telala anasiya kukapa madzi m'nyumba mwake ndi beseni, n'kuyamba kudumpha mpanda kudzafunsa za thanzi la mlamu wake. Pobwerera ankakhala ndi papaya m'khwapa. Mwana atabwera kudzacheza anatsikira kumunsi kuja, anaima pafupi ndi peyala lomwe linali litamupitirira kale msinkhu, n'kusonyeza ndi phazi pomwe padzakhale windo.

Abwana a zaulimi anabwera okha kudzazika chikwangwani chachitsulo m'mbali mwa msewu: MUNDA WACHITSANZO. Anayankhula atayang'ana kamera, nati mayi awa ndi galasi loti dziko lonse lidziyang'anirepo, ndipo ofesi yawo idzaima nawo pa dzuwa ndi pa mvula. Analonjezanso kuti alendo amene anapereka thandizo adzabwera kudzaona okha. Kuseri kwa chikwangwanicho, kwa munthu woyang'ana ali pamsewu, kunkaoneka chinthu chimodzi: thengo lobiriwira, denga la nyumba likusuzumira pakati pake.

Woyendera malo anafika tsiku lina dzuwa lili pamutu, atavala nsapato zowala, atanyamula tepi yoyezera. Mayi Tsache anamuzindikira asanalowe n'komwe: anali kalaliki wa makoko a mtedza uja, atakula mimba. Iye sanawazindikire. Kusesa kuli ndi chimenecho; anthu amadziwa msana wako, nkhope ayi.

"Mayi, mwini wake wa malo ano ali kuti?"

"Ndine, bwana. Takulandirani."

"Ndiye bwanji simulima?"

"Uwutu ndi munda, bwana."

Woyenderayo anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. "Mizere ili kuti?"

"Kulibe mizere. Alangizi anati madzi sanapite kusukulu."

"Ine ndinapita."

Sanali munthu woipa. Anafotokoza modekha kuti ku ofesi ya malo, dziko lonse lapansi linagawidwa patatu. Pamene pali mizere ndi munda. Pamene pali posesa ndi pakhomo. China chilichonse ndi tchire. Mayi Tsache anamupatsa nthochi yakupsa, kuti mwina pakamwa pangavomereze zimene maso akukana. Anaidya, anaiyamikira, kenako anafunsa kotaya khoko.

"Ponyani paliponse, bwana. Kuno tilibe dzala."

Woyenderayo anawayang'ana kanthawi, khoko lili m'manja, kenako analemba kenakake.

"Nanga chikwangwanicho, bwana? Ndi cha bomatu."

"Icho ndi cha a zaulimi. Ife ndi a malo. Ndidzabweranso mwezi ukatha. Ndikadzapeza tchire, mayi, musadzati ndine wankhanza."

Mayi Tsache anaimbira foni mlangizi. Mlangizi anali atasamutsidwira ku gulu logawa feteleza, poti gawo loyamba la pemakacha linali litatha ndipo lachiwiri linali likukambidwa. Njinga yamoto inalibe mafuta.

"Amayi, chonde, musadule kanthu. Alendo aja akubwera posachedwapa. Mukadula ndiye mwandipha."

"Nanga akalanda, mwanangu?"

Pa foni, kumbuyo kunkamveka anthu akukanganirana matumba a feteleza. "Ndiyankhula ndi abwana," anatero mlangizi, ndi mawu a munthu amene sanalowepo mu ofesi ya abwana osaitanidwa.

Mayi Tsache sanade nkhawa kwambiri. Nkhani yake inali yongodutsitsa khonde, ndipo khondelo ankalidziwa mng'alu uliwonse. Anavala diresi lawo labwino, anakwera masitepe aja bondo likulira. Mlonda anawafunsa ngati anapangana ndi munthu, n'kuwalozera benchi. Benchi limenelo analipukuta moyo wawo wonse, koma kulikhalira kunali koyamba. Linali lolimba.

Ku zaulimi anawalandira ndi manja awiri. Chithunzi chawo chinali pakhoma, ataima pafupi ndi mkoko wa nthochi. Abwana anamva nkhani yonse akugwedeza mutu, nati n'zomvetsa chisoni zedi, koma nkhani za malo ndi za khomo linalo. Ku khomo linalo anati malamulo a malo ndi omveka, ndipo ngati a zaulimi akufuna kuti tchire lizitchedwa munda, alembe. Anabwerera ku zaulimi. Abwana anati alemba ndithu, kungoti kalata yochoka khomo ili kupita khomo ilo siidutsa pakhonde. Imayamba yakwera kulikulu, likulu n'kuitumiza kulikulu linzake, kenako n'kutsika.

"Bwana, mungondipatsa ine ndiidutsitse. Si apa pomwepa?"

Abwana anaseka mokoma mtima. "Amayi, boma siliyenda choncho."

Potuluka, mayi Tsache anaona chinthu chimene chinawafoola kuposa mawu onse. Pa kabati ya ku zaulimi panali ketulo yatsopano, yonyezimira, yokhala ndi chizindikiro cha alendo a thandizo aja. Anasuzumira ku ofesi ya malo. Yakale ija inali kumeneko, yokhayokha. Ofesi iliyonse inali ndi yakeyake tsopano, ndipo pakhondepo sipankadutsanso munthu.

Mwana pa foni sanachedwe kuyankha. "Amayi, dulani zonse. Nthochi timagula kumsika, puloti sitingaipezenso." Koma kudula zonse kunali kutsutsa chidindo, ndipo kusadula kunali kutsutsa chidindo china. Mayi Tsache anakakhala pakhonde la telala, dzanja lili patsaya, makina akulira.

"Alamu," anatero telala, ulusi uli kukamwa, "inu vuto lanu n'loti simunasokepo. Nsalu ikakhala imodzi, makasitomala awiri, sumalira. Umadula pakati. Wina siketi, wina bulauzi."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Kumtundaku sesani, limani mizere, a malo asangalale. Kumunsiku siyani thengo, a zaulimi asangalale. Aliyense avale zake."

"Zikakanika?"

"Ine chovala chikakanika ndimati kasitomala wanenepa."

Nzeruyo inaoneka yachilungamo, ndipo ina panalibe. Telala anabwera ndi tepi yake ya m'khosi, anayeza puloti monga amayezera chiuno cha mkwatibwi, n'kumanga chingwe kuchokera kumpanda uku kukafika kumpanda uko, chowongoka bwino, chodutsa kuseri kwa bafa. Mayi Tsache anakwera pampando n'kutsitsa tsache.

Kungakhale kunama kunena kuti dzanja silinasangalale. Linakumbukira zonse: kaweramidwe ka msana, kulira kwa tsache pa dothi, timizere tokongola totsalira m'mbuyo. Dzanja linkasangalala, misozi ikutsika. Anazula nandolo, anagwetsa mapapaya, anakwirira ngalande za kumtunda, anaunjika masamba n'kuyatsa moto. Nyongolotsi zinatsala poyera, zikudzipinda padzuwa, abakha n'kuchita phwando. Mizere anaiwongola ngati asilikali, yotsika ndi chitunda, monga amafunira maso a boma.

Woyendera malo anasunga lonjezo, chinthu chosowa. Ataona pabwalo anamwetulira.

"Eya! Tsopano apa ndiye pakukhala munthu."

Anatambasula tepi, anayenda m'mizere nsapato zosadetsedwa, mpaka anafika pa chingwe cha telala. Anaima. Anayang'ana kutsogolo, kumene nthochi ndi mapeyala zinali zitapanikizana monga kale.

"Chingwechi anamanga ndani?"

"Ndine, bwana," anatero telala ali kuseri kwa mpanda, chifuwa chili patsogolo.

"Mwachita bwino, achimwene. Mwatichepetsera ntchito. Kwina timavutika kupeza malire." Anatembenukira kwa mayi Tsache. "Kuyambira pamsewu mpaka pachingwepa, malo akugwiritsidwa ntchito, ndi anu. Kuyambira apa kutsika kumunsi, mwaonetsa nokha kuti akukulirani. Boma likupeputsani katundu."

"Bwana, kumeneko ndi kwa mwana."

"Mwanayo akanabwera kudzalambula."

Telala anakumbukira kuti wasiya nsimbi pa buluku la munthu.

Alendo anafika pambuyo pake, pa magalimoto oyera. Anaima pa chikwangwani n'kutsitsa magalasi. Pansi pa mawu oti MUNDA WACHITSANZO panali bwalo losesa lowala, mizere yotsika ndi chitunda, ndi mulu wa phulusa la masamba. Abwana a zaulimi anayamba kutsokomola. Mlangizi, amene anapatsidwa mpando wakumbuyo, anatsika yekha.

"Amayi, mwatani?"

"Zinatu zilipo, mwanangu. Kumunsiko. Zikubereka mpaka pano."

"Ndiye tiyeni tiwatengere kumeneko, akaone."

"Kungoti si kwanganso. Anakhoma zikhomo za boma. Anati ndikapondako ndalowa m'malo a eni."

Anaima awiriwo, wamkulu ndi wamng'ono, akuyang'ana nsonga za nthochi kuseri kwa denga. Panalibe wodzudzula mnzake. Hutala ya galimoto inalira. Alendo anali atachedwa kale ku nkhomaliro.

Mu lipoti a zaulimi analembamo kuti mlimi anabwerera ku zizolowezi zakale, ndipo izi zikusonyeza kuti pakufunika maphunziro ena, makamaka a ogwira ntchito mu ofesi, ochitikira ku hotela. Chikwangwani anadzachimasula, mizati yake n'kuisiya. Telala amayanikapo nsalu. Mwana anaimba foni kufunsa kuti tsopano adzamanga pati. Mayi Tsache anati pabwalo pali kamalo, akaphwasula bafa. Mwana anati mayunitsi akutha.

Masiku ano mayi Tsache amasesa m'mawa uliwonse, poopa kuti theka lotsalali lingaonekenso ngati tchire. Masamba a mango amawaunjika pakona, n'kuima kanthawi akuwayang'ana, machesi ali m'manja. Nthawi zina amayatsa. Nthawi zina amawabisa kuseri kwa bafa, pamene munthu wa pamsewu sangaone. Chikalata chija chikadali pa bolodi, malonjezo ake onse ali momwemo, ndipo wosesa watsopano amapukuta galasi lake mosamala.

Kumunsi kuja boma linapatsa woumba njerwa. Mapeyala ndi magwafa anawotchera uvuni wake woyamba. Dothi lakuda lapamwamba anati n'lopanda ntchito, silimba njerwa, ndipo analipala lonse mpaka kufika pa lofiira, n'kulituta pa wilibala kukakwirira maenje a mumsewu. Mvula yoyamba inapita nalo.